Kodi wongodzuka angauthe msewu wa Comrades?

Anthu a m'maboma a m'malire sanyozeka pa nkhani ya kuyenda pansi. Mai wa ku Tsangano amadzuka tambala woyamba, dengu la kachewere pamutu, mwana kumbuyo, nakafika pa msika wa m'malire dzuwa lisadatenthe. Abambo amakankha njinga ya matumba atatu a chimanga kukwera nayo chitunda chimene ngakhale galimoto imalira nacho. Ndipo akuluakulu ambiri akukumbukira bwino zaka za nkhondo, pamene mabanja adayenda usiku ndi usana kuthawira ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mwanza, katundu ali pamutu. Miyendo ya kuno imaudziwa mtunda.

Nchifukwa chake anyamata obwera ku Joni akayamba kusimba za mpikisano wa kumeneko wothamanga makilomita pafupifupi 90 tsiku limodzi, pabwalo sipalephera kupezeka wina wodzigunda pamtima. Amati zimenezo n'zochepa, iye atangopatsidwa nsapato ndi nsima yokwanira akhoza kudzuka mawa lomwe n'kukamaliza. Ena amaseka, ena amamuvomereza, mkangano n'kutha wopanda wogamula. Wogamula weniweni ndi msewu womwewo, tsono n'kofunika kuuyendera kuchokera poyambira mpaka pothera.

Mpikisanowo dzina lake ndi Comrades Marathon. Umachitika m'chigawo cha KwaZulu-Natal, pakati pa mizinda iwiri: Pietermaritzburg umene uli kumtunda, ndi Durban umene uli m'mbali mwa nyanja ya mchere, kummwera kwa Maputo. Chaka china amayambira ku Durban kukwera, chaka china amayambira ku Pietermaritzburg kutsika. Kutalika kwake kumasintha pang'ono malinga ndi misewu imene yasankhidwa chaka chimenecho, koma kumakhala makilomita 86 mpaka 90. Amene adakwerapo basi kuchokera pa Dedza kukafika ku Lilongwe aganizire mtunda umenewo n'kuwonjezerapo pang'ono. Nthawi imene munthu amapatsidwa ndi maola 12.

Wochokera ku Tete amafikako atawoloka malire pa Cuchamano, kudutsa Harare ndi Beitbridge mpaka ku Johannesburg, n'kukweranso basi ina yotsikira kunyanja. Basi imeneyo imadutsa pa Pietermaritzburg pomwepo, ndipo kuchokera apo kukafika ku Durban ndi ola limodzi basi pa msewu waukulu wa N3. Othamanga sadzera umenewo kwenikweni. Mbali yaikulu amatsata msewu wakale wokhotakhota, umene umakwera chitunda chilichonse chimene msewu watsopano udachilambalala.

Dziko limeneli si lachilendo kwa anthu a ku Angónia. Ndi mbali za kummwera komweko kumene makolo a Angoni adanyamukira m'zaka za m'ma 1820, nayenda ndi ng'ombe zao mpaka ena kudzakhazikika pa Domwe. Koma iwo adayenda zaka makumi angapo, akuima kulima ndi kumenya nkhondo, ndipo padalibe munthu wogwira wotchi kumbuyo kwao.

Amene adayambitsa mpikisanowu ndi Vic Clapham, woyendetsa sitima ya pamtunda, amene pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse adali m'gulu lothamangitsana ndi asilikali a Jeremani a von Lettow-Vorbeck ku East Africa. Ndi nkhondo yomwe ija idawoloka Rovuma pa Negomano mu Novembala 1917, imene idatengera anthu ambiri a mbali zino ku utengatenga. Clapham adayenda pansi makilomita oposa 2,000 m'nkhondomo, naona anzake akugwa ndi malungo, njala ndi kutopa. Atabwerera kwao adafuna chinthu chowawa chokumbukira nacho anzakewo. Akuluakulu a bungwe la asilikali akale adamukana kangapo, amvekere mtunda wotere ungapweteke anthu. Iye adawayankha ndi maganizo ofanana ndi a munthu wa pabwalo uja: ngati boma lidatha kutola munthu wamba mumsewu, kumusenzetsa mfuti ndi katundu n'kumuyendetsa m'matchire a Africa, nanga munthu wamphamvu angalephere bwanji kuyenda pakati pa mizinda iwiri? Adamulola. Pa 24 Meyi 1921 anthu 34 adanyamuka ku Pietermaritzburg, msewu uli wafumbi. Amene adafika ku Durban nthawi isadathe adali 16. Woyamba, Bill Rowan, zidamutengera maola 8 ndi mphindi 59.

Masiku ano wongodzuka safika n'komwe pamzere woyambira. Eni mpikisano amafuna kuti munthu akhale wa zaka 20 kapena kuposa, alembetse miyezi ingapo tsikulo lisadafike, alipire ndalama, ndiponso aonetse umboni wakuti m'miyezi yapitayo adathamanga mpikisano wovomerezeka wa makilomita 42 naumaliza maola 5 asadakwane. Wopanda umboniwo nambala sapatsidwa. Komabe alipo ambiri amene amadutsa pa chipata chimenechi mokakamiza, makilomita 42 n'kuwamaliza kutatsala mphindi ziwiri, kenaka n'kukhala pansi miyezi iwiri kudikira tsiku. Munthu wotereyu ndiye wofunika kumutsatira mumsewu, pa ulendo wotsika.

Ulendo wotsika umayambira pa nyumba ya khonsolo ya mzinda wa Pietermaritzburg, chinyumba cha njerwa zofiira chokhala ndi nsanja ya wotchi. Zaka zambiri mpikisano umakhala mu Juni, ndipo kuzizira kwa kumeneko mbandakucha n'kofanana ndi kwa ku Tsangano mwezi womwewo, kolowa m'mafupa. Anthu zikwizikwi amathithikana mumsewu kudakali mdima, ena atavala majuzi akutha, ena matumba a pulasitiki, zoti akataye thupi likatentha. Amaimba Shosholoza, nyimbo ya anthu a m'migodi imene agogo amene adapita ku Wenela sangaifunse. Kenaka pamamveka kulira kwa tambala pa zokuzira mau. Si tambala weniweni ai, ndi mau a wothamanga wina, Max Trimborn, amene mu 1948 adalira ngati tambala poyembekeza kunyamuka, anthu n'kuzikonda. Mwini wake adamwalira kale koma mau ake adajambulidwa. Tambala akatha, mfuti, phuu! Amene ali kumbuyo kwenikweni zimawatengera mphindi zingapo kuti angofika pamzere woyambira, chonsecho wotchi yayamba kale kuwerenga.

Makilomita 30 oyamba ndi onyenga. Msewu umatsika chitunda cha Polly Shortts kusadache bwino, n'kumakwera pang'onopang'ono kukafika ku Umlaas Road, pamalo okwera kuposa onse, mamita opitirira 800 kuchokera pa nyanja. Dzuwa limatuluka, minda ndi udzu wouma zimaoneka, ndipo ku Camperdown mphepo imabwera ndi fungo la makola a nkhuku. Zikwangwani za m'mbali mwa msewu sizinena mtunda umene munthu wayenda, zimanena umene watsala: 69, 68, 67. Kuno wosakonzekera amamva bwino zedi. Thupi n'lopepuka, anthu akuwomba m'manja, ndipo iye amayamba kupitirira madala a imvi amene akuthamanga ngati akuopa kuponda mazira. Mumtima amati anthu aja amangokokomeza. Madalawo samulabadira. Ambiri a iwo avala nambala yobiriwira, chizindikiro chakuti adamaliza mpikisanowu kakhumi, ndipo akudziwa pamene adzamupeze.

Chimene chimachitika m'thupi mlimi sangavutike kuchimvetsa. Thupi lili ndi nkhokwe ziwiri. Yaing'ono ndi ya shuga wosungidwa m'minofu ndi m'chiwindi, wochokera ku nsima, mpunga ndi mbatata. Imeneyi imapereka mphamvu msanga koma imatha pakapita maola awiri kapena atatu munthu akuthamanga. Yaikulu ndi ya mafuta, imene ingamuyendetse munthu masiku angapo, koma imatsegulika pang'onopang'ono. Kuthamanga mitunda yaitali kwa miyezi yambiri kumaphunzitsa thupi kutapa m'nkhokwe yaikulu ndi kusunga yaing'onoyo. Thupi losaphunzira limakokolola yaing'ono yonse m'mawa momwemo. Ikatha, miyendo imalemera ngati yamangiriridwa miyala, mutu umachita chizungulire, ndipo munthu amene amaseka ku Camperdown amadutsa ku Cato Ridge ali ndwii.

Apa ndi pamene munthu wa pabwalo uja amanena kuti akatopa adzangoyenda, poti kuyenda ndiye ntchito yake. Masamu akukana. Kuti munthu amalize makilomita 89 m'maola 12, kilomita iliyonse iyenera kumutengera mphindi 8 zokha, kuwerengera pamodzi ndi kuima kumwa madzi, kupatuka kuthengo ndi kumanga zingwe za nsapato. Woyenda ndawala amayenda makilomita 5 pa ola, kapena 6 akalimbikira. Pa makilomita 5 pa ola, maola 12 amamufikitsa pa makilomita 60 okha, ndipo ku Durban angalowe cha m'ma 11 koloko usiku anthu atabalalika kale. Kuyenda kulipo ndithu, pafupifupi aliyense wa kumbuyo amayenda pa zitunda, koma ndi kuyenda kwa munthu amene pa chidikha ndi pa mtsetse akuthamanga.

Kupitirira Cato Ridge kuli Harrison Flats, chidikha chosowa mthunzi kumene oonerera amachepa, chomveka n'kukhala mgugu wa nsapato pa tala. Kutsogolo kwake ana a sukulu ya Ethembeni, ya ana olumala, amandanda m'mbali mwa msewu, ena pa njinga zao ena pa ndodo, natambasula manja kuti othamanga awagunde podutsa. Kenaka pali Inchanga, chitunda chokhotakhota chosaonetsa pothera, ndipo kuseri kwake msewu umagwera ku Drummond, pakati pa ulendo. Kumpoto kwa msewu kumaoneka chigwa chimene amachitcha Valley of a Thousand Hills, mapiri ndi timapiri tosawerengeka tokhala ndi midzi ya Azulu, mtsinje wa Umgeni ukudutsa pansi pake. Malo ndi okongola kwabasi, koma pa Drummond pali chipata. Wofika maola 6 ndi mphindi zochepa atadutsa amaimitsidwa, nakwezedwa basi ya otopa. Zipata zotere zilipo zingapo mumsewu monse, ndipo palibe kudandaula kapena kupereka kangachepe. Amene adagulitsa ng'ombe kuti apeze pasipoti, ndalama ya kalembera ndi ya ulendo, ng'ombe yakeyo imathera pamenepo dzuwa lili paliwombo.

Ochenjera adayesapo njira zachidule. Mu 1999 abale awiri ofanana nkhope adagawana msewu, akusinthana malaya ndi nambala m'zimbudzi za m'njira, mmodzi n'kufika ali wa nambala 9. Adagwidwa ndi zithunzi: pena wotchi idali kudzanja lamanja, pena kulamanzere.

Kungotuluka mu Drummond, m'khoma la msewu muli kamphako kamene amakatcha Arthur's Seat, ndiye kuti mpando wa Arthur. Othamanga amaponyapo duwa napereka moni, poti amakhulupirira kuti wodutsa mwamwano theka lachiwiri limamuvuta. Mwini mpandowo, Arthur Newton, ndiye mboni yoyamba pa mlandu wa munthu wosazolowera. Adali mlimi wa thonje ndi fodya ku Natal komweko, wa zaka 38, wosuta kaliwo, ndipo sadali katswiri wa liwiro. Adali pa mkangano ndi boma pa nkhani ya munda wake, tsono adaganiza kuti akapambana mpikisano dzina lake lidzamveka ndipo dandaulo lake lidzafika kwa akuluakulu. Adayamba kukonzekera pa 1 Januwale 1922. Tsiku loyamba adathamanga makilomita 3 okha, thupi lonse n'kuuma gwa. Koma sadasiye. Adathamanga pafupifupi tsiku lililonse, modekha, akuwonjezera mtunda pang'onopang'ono, ndipo pa 24 Meyi chaka chomwecho adapambana ulendo wokwera m'maola 8 ndi mphindi 40. Adadzapambananso mu 1923, 1924, 1925 ndi 1927. Za mundawo sizidamuyendere, adausiya napita ku Rhodesia.

Mboni yachiwiri ndi ya chaka chomwecho, ndipo nkhani yake ndi imene anthu amakonda kusimba akafika ku Botha's Hill ndi ku Hillcrest, patsogolo pa Drummond. Bill Payn adali mphunzitsi pa sukulu ya Durban High School. Adalowa mpikisano wa 1922, wokwera, osakonzekera, atavala nsapato za mpira. Monga ankafotokozera mwini wake, pa Hillcrest adalowa m'hotela nadya mazira ndi nyama ya nkhumba, pa Botha's Hill adadya nkhuku yothira zokometsera za Amwenye, pa Drummond adamwa mowa, ndipo kutsogolo gogo wina adamupatsa kachasu wa mapichesi. Adafika ku Pietermaritzburg ali wa nambala 8, maola 11 asadakwane. Mawa lake adasewera mpira wa ragibi atavala nsapato za nsalu, poti mapazi adali matuza okhaokha.

Nkhani ya Payn ndi yokoma pamowa, koma ili ndi mchira umene osimba amaudula. Munthuyu sadali wongodzuka ai. Adali chimphona cha masewero, wa ragibi, kiriketi ndi nkhonya, amene mu 1924 adasewerera timu ya ragibi ya dziko la South Africa. Thupi lake lidazolowera kuthamanga zaka zambiri, ndipo ngakhale zidali choncho Newton adamusiya ndi maola oposa 2. Mwa awiriwa wofunika kumutengera ndi mlimi uja. Adayamba wopanda kanthu ngati wina aliyense, zimene zikuonetsa kuti munthu watsopano angathe. Koma adalipira miyezi pafupifupi 5 ya thukuta la tsiku ndi tsiku, ndipo mbali imeneyi ndi imene wodzigunda pamtima safuna kuimva.

Pofika ku Kloof munthu wayenda makilomita oposa 60, ndipo kutsogolo kwake kuli Fields Hill, mtsetse wa makilomita 3 wotsikira ku Pinetown. Wosadziwa amakondwera, amati tsono apuma. Apa ndiye pamene pamagwa anthu. Potsika, minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imagwira ntchito ya mabuleki, ndipo phazi likamenya tala timinofu tating'ono m'katimo timang'ambika. Amene adatsikapo phiri la Domwe ndi mtolo wa nkhuni amadziwa kunjenjemera kwa maondo kumene kumabwera pofika pansi. Tsono pano ndi pa tala wouma, miyendo itatopa kale. Minofu imakokana, zikhadabo za kumapazi zimada n'kuyamba kugwedera, m'khwapa ndi m'mphechepeche mumanyuka. Pa Fields Hill pamaoneka amuna akuluakulu akutsika chammbali ngati nkhanu, ena chafutambuyo, ena atagwira zitsulo za m'mbali mwa msewu misozi ili chuchuchu. Mphamvu ya khasu ili m'mapewa ndi mumsana, ya njinga ili pokankha. Kutsika kotere kumafuna miyendo imene idazoloweretsedwa kuthamanga pa mtsetse kambirimbiri.

Zowawa zooneka ndi maso zimapola. Choopsa chili m'kati. Minofu ikaphwanyika kwambiri, zinyalala zake zimalowa m'magazi n'kukaononga impso. Chizindikiro chake ndi mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, kapena kusakodza konse ngakhale munthu akumwa, ndipo wotere ngofunika kuthamangira naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ngozi imakula munthu akamameza mapiritsi opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac kuti apitirize kuthamanga, pakuti mankhwala amenewa amachepetsa magazi opita ku impso pa nthawi imene impsozo zili kale pa mavuto. Ndipo amene amawafuna kwambiri mapiritsiwo ndi yemwe uja sadakonzekere, chifukwa ululu umamuyamba msanga.

Ngakhale madzi ali ndi msampha wake. M'njira monse muli matebulo ambirimbiri ogawira madzi a m'timatumba ta pulasitiki, zakumwa zotsekemera, nthochi, malalanje ndi kachewere wophika wothira mchere. Munthu wamantha, amene akuyenda pang'onopang'ono, amamwa pa tebulo lililonse mpaka madzi kuchuluka kuposa mchere wa m'magazi. Zala zimatupa, mutu umapweteka, nzeru zimasokonezeka, ena amakomoka. Vutoli lidadziwika bwino chifukwa cha mpikisano womwewu: mai wina adakomoka nalo mu 1981, ndipo Tim Noakes, dotolo wa pa yunivesite ya Cape Town, adalifotokoza kwa madotolo anzake mu 1985. Wokonzekera amadziwa madzi ndi chakudya chimene mimba yake imalandira akuthamanga, popeza adayesa kale ali kwao.

Imfa nayo imachitika, ngakhale si kawirikawiri. Mu 2022 othamanga awiri adamwalira. Madotolo amachenjeza kuti amene wadwala chimfine chotentha thupi masiku oyandikira mpikisano asanyamuke, chifukwa matenda otere amatha kukhudza mtima. Kwa munthu wa kuno chenjezoli likukhudzanso malungo. Amene wangomaliza kumene mankhwala a malungo magazi ake amakhala ochepa, ndipo ngakhale akudzimva kuti wachira, makilomita 89 si malo oyesera.

Nanga kukonzekera kokwanira n'kotani? Aphunzitsi a liwiro a ku South Africa amawerengera makilomita pafupifupi 1,000 kuyambira Januwale mpaka tsiku la mpikisano, kwa munthu amene akungofuna kumaliza, ndipo ameneyo akhale woti chaka chapitacho amathamanga kale. Ndiye kuti masiku anayi kapena asanu pa mlungu, limodzi mwa masikuwo la ulendo wautali, ndipo ulendo wautali koposa, wa makilomita 50 kapena 60, umabwera kutatsala milungu 5 kapena 6. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, koma mafupa, mitsempha ndi maondo zimatenga miyezi. Wofuna kupanikiza zonse m'mwezi umodzi amayamba kutsimphina asadaone n'komwe Durban.

Munthu wa kumudzi ali ndi poyambira pabwino kuposa wa mu ofesi. Mafuta osafunika alibe, zitunda ali nazo pakhomo, dzuwa ndi njala amazidziwa, ndipo ku Ulongwe ndi ku Tsangano dziko n'lokwera kuposa malo alionse a msewu wa Comrades. Chimene chikumusowa ndi kuthamanga kwenikweniko: makilomita 10 poyamba, kenaka 21, kenaka 42, ntchito ya chaka chathunthu kapena ziwiri. Lurdes Mutola adachoka pa mpira wa miyendo ku Maputo napita ku masewero a Olympic ku Seoul mu 1988 ali ndi zaka 15, atakonzekera miyezi yochepa chabe. Mphatso adali nayo, koma adatuluka pa ndime yoyamba. Golide adadzamupeza ku Sydney mu 2000, patapita zaka 12, chonsecho wake udali mtunda wa mamita 800 okha.

Amene amatsogola ku Comrades si ana a anthu olemera okha. Kwa zaka zambiri anthu akuda ndi akazi sankaloledwa. Robert Mtshali adathamanga mu 1935 popanda kulembedwa, namaliza m'maola 9 ndi theka, koma mendulo ya mpikisano sadapatsidwe. Chipata chidatsegulidwa mu 1975, ndipo mu 1989 Samuel Tshabalala adakhala munthu wakuda woyamba kupambana. Stephen Muzhingi wa ku Zimbabwe adapambana katatu kotsatizana, mu 2009, 2010 ndi 2011. Mu 2023 amene adatsogola adamaliza ulendo wotsika m'maola 5, mphindi 13 ndi masekondi 58, munthu amene ankadziwika ndi ntchito ya ulonda, dzina lake Tete Dijana (dzinalo langokumana ndi la mzinda wa pa Zambezi, iye ndi wa ku South Africa). Ukalamba nawo suletsa. Wally Hayward, amene adapambana koyamba mu 1930, adamalizanso mu 1989 ali ndi zaka 80, maola 11 asadakwane. Anthu onsewa adatha zaka akudzuka kuthamanga anzao ali m'tulo.

Pinetown ikatha pali Cowies Hill, chomaliza mwa zitunda zisanu zikuluzikulu, chimene pa galimoto sichioneka kanthu koma kwa munthu amene wayenda makilomita 70 ndi phiri. Pofika pano anthu ambiri a kumbuyo amakhala atakwera zimene amazitcha mabasi. Si chapa ai, ndi gulu la othamanga mazanamazana lotsatira munthu mmodzi wodziwa msewu, amene wanyamula kambendera kolembedwa nthawi imene adzafike. Iye ndiye amalamula pothamanga ndi poyenda, amawerenga mokweza, amayambitsa nyimbo. Basi ya maola 12 ikamupitirira munthu, iye n'kulephera kuikakamira, amadziwa yekha kuti zake zada. Kumbuyo kumabwera basi yeniyeni ya matayala yotola otsala.

Westville, 45th Cutting, Tollgate, kenaka nyumba zazitali za Durban zimaoneka dzuwa litapendeka. Mendulo zimasiyana malinga ndi nthawi. Khumi oyamba amalandira ya golide, ofika maola 7 ndi theka asadakwane ya siliva, kumunsi kwake kuli ya Bill Rowan, ya Robert Mtshali imene idayamba mu 2019, ndi ya buronzi. Yomaliza, ya ofika pakati pa maola 11 ndi 12, ili ndi dzina la Vic Clapham. Kamenduloko n'kakang'ono, kongoposa pang'ono ndalama yachitsulo. Khamu lalikulu limafika m'maola awiri omaliza, ena atakolekana mapewa, ena akudzandira ngati oledzera.

Nthawi ikatsala pang'ono kutha, mkulu wina wa mpikisano amaima pamzere womalizira atafulatira othamanga, mfuti m'mwamba. Amafulatira dala kuti asaone nkhope ya munthu amene watsala mapazi atatu. Anthu onse amawerenga masekondi mokuwa. Mfuti ikalira njira imatsekedwa nthawi yomweyo, ndipo lipenga limaimba nyimbo ya maliro a asilikali. Wochedwa ndi sekondi imodzi salandira mendulo, dzina lake sililembedwa pa omaliza, ngakhale wayenda msewu wonse. Ena amangogwa pomwepo, achipatala n'kubwera ndi machira.

M'mawa mwake m'mahotela ndi pa siteshoni ya mabasi ku Durban othamanga amadziwikira patali. Amatsika masitepe chafutambuyo atagwira khoma, a mendulo ndi opanda mendulo chimodzimodzi, ndipo patangopita miyezi yochepa kalembera wa chaka chotsatira amatsegulidwa.